Bonongwe Wakwera Mtengo

Mwezi wa Disembala ukafika, mabanja ambiri m'dziko lathu lino amayamba kuwerengera ndalama za cakudya ca Khrisimasi. Ife amene tinakulira kumudzi tikukumbukira bwino zimene tsikuli linkabweretsa pa mbale: mpunga, nkhuku, buledi wopaka majarini, tiyi wa mkaka wothira shuga wambiri, ndiponso botolo la cakumwa cozizira limene mwana ankamwa pang'onopang'ono kuti anzake amuone. Pa tsikulo bonongwe, ciwawa, therere ndi mfutso zinkapumula. Mai amene akanaikira mlendo ndiwo zamasamba pa Khrisimasi akanakambidwa pacitsime mpaka Caka Catsopano. Motero tinakula tikudziwa, popanda wotiuza, kuti cakudya ca ulemu ndi cogula m'sitolo, ndipo comera kuseri kwa nyumba ndi ca umphawi.

Okondedwa awerengi, zinthu zatembenuka. Masiku ano m'Lusaka ndi m'mbali mwake muli timalo todyera timene timagulitsa ndiwo zomwe zija pa mtengo wodabwitsa, ndipo anthu a magalimoto abwino amapita kukazifunafuna. Pa zikwangwani zawo amalembapo liu la Cingerezi lakuti "organic". Tanthauzo lake ndi lakuti mbeuzo zinalimidwa ndi manyowa, popanda fataleza wa m'thumba ndi mankhwala opopera a m'sitolo, ndiponso kuti ziweto zinakula zikudya zakudya zacilengedwe. Ndifuna kukusimbirani za tsiku limene banja langa linakadya pa malo otere, cifukwa ndinabwerako ndi nkhani imene ikukhudza nyumba iliyonse ya m'tauni imene ili ndi makolo kumudzi.

Caka ca 2024 sitidzaciiwala msanga. Mvula inadula cimanga cili pakati pa kukula, ndipo dzuwa linaomba masabata ambiri osaleka. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse, popeza mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa cimanga anali ataonongeka. Dziko linakolola matani 1.5 miliyoni okha, pamene mu 2023 linakolola matani oposa 3 miliyoni. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo m'miyezi ina magetsi ankazima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Kumudzi kunali njala, m'tauni munali mdima ndi utsi wa mbaula.

Amai anga, amene ndi amasiye ndipo amalima kufupi ndi Katete, anabwera kwathu ku Lusaka pakati pa Disembala kudzapimitsa maso. Mlimi sakonda kucoka pamunda mwezi umenewu, pakuti udzu sudikira munthu. Anabvomera kukhala nafe mpaka Caka Catsopano pokhapo atamva kuti adzukulu a kumudzi ayamba kupalira. Sabata yonse ya Khrisimasi mkazi wanga anaphikira alendo pa mbaula kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ndinaona kuti msana wake watopa. Mnzanga wa kunchito anali atandiuza za kamalo kena kodyera kum'mawa kwa mzinda, ndiye ndinati Loweruka, pa 28 Disembala, tonse tikadye kumeneko.

Amai sanakondwere nazo. Anati, "Mwana wanga, munthu amadya kumsika akakhala pa ulendo. Ife nyumba tili nayo, moto tili nawo. Kodi apongozi anga adwala?" Mkazi wanga anayankha mwaulemu kuti, "Ai amai, sindinadwale. Koma lero ndifuna nanenso ndisambe m'manja ngati mlendo." Amai anaseka, natenga citenje cao ca ku chalichi.

Tinatsata mseu wa Great East kulowera ku Chongwe, kenaka tinapatukira m'kamseu kafumbi kamene mvula inali itakumba. Malowo anali nyumba wamba yokhala ndi cisakasa cofolera ndi udzu, ndipo pansi pake panali matebulo asanu ndi limodzi. Kuseri kunali dimba, khola la mbuzi, ndi nkhuku zikupalasa m'zinyalala. Mndandanda wa zakudya unalembedwa ndi coko pa bolodi lakuda, ngati la m'kalasi, cifukwa umasintha malinga ndi zimene zakhwima m'dimba. Tsikulo kunali nsima ya mgaiwa wa cimanga ca makolo, nsima ya mawere, nkhuku ya kumudzi, nyemba, bondwe, ciwawa cotendera, therere ndi bowa. Cakumwa cinali munkoyo, ndipo potsiriza panali mango a mumtengo wa pabwalo pomwepo.

Popeza maso a amai anali asanacire, anapempha mdzukulu wao wamkulu kuti awawerengere bolodilo pamodzi ndi mitengo yake. Atafika pa bondwe, amai anamuimitsa. "Bondweyo ndiye ciyani?" Mwanayo anayang'ana kwa mai wake, ndipo mai wakeyo anati, "Ndi bonongwe, amai. Kuno amamuchula conco." Amai anagwira pakamwa. "Bonongwe amene ndimazula popalira n'kukaponyera nkhumba? Kambale kamodzi ndalama zonsezo? Ha, bonongwe wakwera mtengo!" Anaseka mpaka misozi, ndipo anthu a pa tebulo loyandikana nafe anasekera nao limodzi.

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Ana, amene anazolowera malo ogulitsa chipisi kumene cakudya cimafika munthu asanakhale pansi, anayamba kudandaula. Agogo ao anawauza kuti nkhuku ya kumudzi siifulumizidwa, ndipo wofuna kuidya yosapsa akonzekere kutsala ndi mano ocepa. Kenaka mtsikana wina anabwera ndi beseni ndi madzi ofunda, nagwada pamaso pa amai kuti ayambe ndiwo kusamba m'manja. Ulemu umenewo unawafewetsa mtima kuposa mau anga onse.

Titapemphera, amai anayamba kudya monga mphunzitsi wocongera mayeso. Analawa ciwawa, nakhala cete, nalawanso. Anati nsinjiro zinali zosinjidwa tsiku lomwelo, ndipo nshawa zake zinali za Chalimbana, zazikulu zija za kwathu kum'mawa. Pa therere anatukula mutu n'kunena kuti, "Uyu sanathiremo soda. Ici ndi cidulo." Anapempha kuonana ndi wophika. Panabwera mai wina wa msinkhu wapakati, mwini malowo, akupukuta m'manja pa citenje, ndipo anapereka moni ataomba m'manja. Anabvomera kuti cidulo amacecheta yekha kucokera ku phulusa la zitsononkho ndi makoko a nshawa, monga anaphunzirira kwa agogo ake. Kuyambira pamenepo awiriwo anaiwala kuti wina ndi wogula, wina wogulitsa.

Titadya, maiyo anatitengera kudimba. Mbeu zinali zosakaniza: mzere wa cimanga, mzere wa nyemba, maungu akuyanga pansi, anyezi ndi tsabola m'mphepete. Anationetsa milu ya manyowa imene amaunjika mosanjikiza: mapesi ouma pansi, masamba aawisi pamwamba pake, ndowe za mbuzi, phulusa pang'ono ndi dothi, kenaka kuthirira madzi ndi kumatembenuza muluwo mpaka utaola bwino pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Anazula nyemba imodzi kuti ana aone timatuza ta ku mizu, m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga cakudya ca mbeu mumpweya ndi kucisiya m'nthaka. Polimbana ndi nsabwe za m'masamba amapopera madzi a tsabola, adyo ndi masamba a nimu. Mbozi zija zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016 ndi kumadya cimanga pamtima amazitola ndi manja m'mawa uliwonse, kapena kuthira phulusa ndi mcenga pamtima pa cimangaco.

Pakati pa munda panali mitengo iwiri ya msangu, yopanda masamba ngakhale kunali mvula. Maiyo anayamba kufotokoza kuti mtengowu umayoyola masamba m'dzinja, motero suphimba mbeu, ndipo masamba ake amasanduka conde. Amai anamudula mau mwansangala: "Mai, zimenezo musandiphunzitse ine. Apongozi anga ankati wodula msangu wadula nkhokwe." Zimene maiyo anakaphunzira m'kalasi, amai anazidziwa ali kamtsikana, akutsata makolo ao ndi kakhasu kumunda.

Kalasi limene ndikunenalo linali ku Kasisi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kumene maiyo anacita maphunziro a masiku ocepa. Mishoni ya Kasisi inayambidwa ndi Ajezuwiti mu 1905, ndipo sukulu yake ya zaulimi inatsegulidwa mu 1974 motsogoleredwa ndi Brother Paul Desmarais wa ku Canada. Poyamba sukuluyi inkaphunzitsa ulimi wa fataleza ndi mankhwala, monga zinalili kulikonse nthawi imeneyo. Koma ca m'ma 1990 inasintha n'kuyamba kuphunzitsa ulimi wa manyowa, itaona kuti alimi ang'onoang'ono akukanika kugula zipangizo ndi kubweza ngongole, ndipo nthaka yao ikunka iguga.

Pobwerera ku cisakasa tinakambirana za mtengo uja unaseketsa amai. Nkhuku ya cizungu imafika pogulitsidwa pakatha masabata asanu ndi limodzi, pamene ya kumudzi imafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Udzu umene wina amaupha ndi mankhwala tsiku limodzi, maiyo amalipira anthu kuti aupalire ndi khasu. Manyowa amafuna msana: kutuntha, kuunjika, kutembenuza, kunyamula. Ndiponso kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti minda yolimidwa motere imakolola mocepera, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, poyerekeza ndi minda ya fataleza. Conco mtengo wa pa bolodi unali mtengo wa thukuta ndi nthawi. Amai atamva zonsezi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikugwira nchito ya ndalama, ine osadziwa."

Mau amenewo ali ndi mbiri yake. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, boma linalimbikitsa cimanga ca haibulidi ndi fataleza wotsika mtengo kuti anthu a m'migodi ndi m'matauni apeze ufa. Fakitale ya fataleza inatsegulidwa ku Kafue mu 1970, ndipo bungwe la NAMBOARD linkagula cimanga kwa alimi mpaka pamene linathetsedwa mu 1989. Tisaiwale zabwino zimene zinacokera pamenepo. Ine amene ndikulemba pano ndinaphunzira sukulu ndi ndalama za cimanga ca fataleza, ndipo malata a nyumba ya amai anagulidwa ndi ndalama zomwezo. Koma m'zaka zimenezo minda ya mawere, mapira ndi nzama inacepa, ndipo anthu anayamba kuona ngati ulimi ndi cimanga basi. Nthaka imene imalandira fataleza yekha caka ndi caka, popanda manyowa, laimu kapena kasinthasintha wa mbeu, imawawasa ndi kuuma. Thandizo la boma litacotsedwa pambuyo pa 1991, fataleza anakwera mtengo nthaka itamuzolowera kale. Kuyambira 2002 boma linabwezeretsa thandizo kwa alimi ang'onoang'ono, komabe mbeu ya haibulidi imafuna kugulidwa mwatsopano caka ciliconse.

Cilala ca 2024 cinaonetsa poyera zimene tinataya. Cimanga ca amai cinauma conse, osatolapo ngakhale dengu limodzi. Cimene cinawasunga kufikira thandizo lathu litafika cinali kamunda ka mapira kamene anzao ankawaseka nako, khobwe, mbatata za kudambo, ndi mfutso umene anafutsa caka capita. Zakudya zomwe zija za manyazi, zosayenera kuikira mlendo, ndizo zinaima pakati pa amai ndi njala.

Tisananyamuke, mwini malo uja anafunsa amai funso limene sindinaliyembekezere. Anati, "Amai, kodi kwanu mukali nayo mbeu ya nzama zofiira, ya luni, ndi ya cimanga ca makolo cosafumbwa msanga? Kuno ndayenda misika yonse, zimene ndimapeza ndi zosakanizika." Amai anayankha kuti ali nazo. Cimanga ca mbeu amacipacika kudenga la khichini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe, ndipo nzama amazisunga mumphika wothira phulusa, womata pakamwa. Kenaka anawerenga ndi zala amai a m'mudzi mwao amene akali kusunga mbeu zotere. Zala za dzanja limodzi zinakwanira, ndipo onsewo ndi aimvi. Anati, "Atsikana a lero safuna zimenezi. Ife tikapita, mbeu zipita nafe." Analonjeza kudzatumiza kathumba pa basi akakolola.

Mwana wathu wamng'ono, amene kunyumba amakankhira kumbali ndiwo zamasamba, anali atanyambita mbale ya ciwawa. Anamva zonsezi ali cete, kenaka anafunsa kuti, "Agogo, ndiye kuti kwanu mumadya za ku lesitilanti tsiku lililonse?" Tonse tinaseka. Koma funso la mwanayo ndilo landicititsa kulemba nkhani ino. Kwa iye, nsima ya mawere ndi therere la cidulo ndi zakudya za pa malo apadera, zofika pa tebulo munthu atalipira. Sanadziwe kuti katswiri wa zakudyazo anali atagona m'cipinda cake masabata awiri.

Apa pali ngozi ziwiri zimene mabanja athu ayenera kuziona. Yoyamba ndi yakuti ana a m'tauni adzadziwa cakudya ca makolo ao ngati katundu wa anthu olemera, ndipo nzeru ya kucilima ndi kuciphika idzatsala m'manja mwa ocepa ocita nayo malonda. Yaciwiri ndi yoopsa koposa. Anthu a m'tauni akayamba kulipira bwino nkhuku ya kumudzi, mazira, nshawa ndi nyemba, banja losauka la kumudzi limagulitsa zonsezo, n'kugula shuga, mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo, ana ake n'kumadya nsima ndi mcere. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira sikubwera cifukwa ca kucepa kwa nsima kokha, komanso cifukwa ca kusowa kwa ndiwo zosiyanasiyana. Cingakhale cinthu comvetsa cisoni ngati cakudya cabwino cingamacoke m'manja mwa mwana wa amene anacilima kupita pa mbale ya amene wakhuta kale.

Sindikuuza mlimi aliyense kuti ataye fataleza. Mai wamasiye wa khasu limodzi sangapange manyowa okwanira mahekitala awiri, ndipo alimi ambiri anzeru amaphatikiza ziwirizi: manyowa kuti nthaka ikhale ndi moyo ndi kusunga cinyezi, fataleza pang'ono kuti mbeu ikule msanga. Sindikunenanso kuti ciliconse colembedwa "organic" ndi coona. Coko ndi cochipa, ndipo liulo aliyense angathe kulilemba pa bolodi. Wogula wocenjera afunse kumene ndiwo zacokera, ndipo ngati n'kotheka aone dimba ndi maso ake. Ndowe zosaola bwino zimanyamula matenda, motero masamba alionse, kaya a manyowa kaya a fataleza, ayenera kutsukidwa ndi madzi aukhondo.

Za ndalama zimene tinalipira, amai sanabise maganizo ao. Tili m'galimoto anati zikanagula thumba la ufa la makilogramu 25 n'kutsalako cenji, ndipo m'caka ca njala zimenezo si zoseketsa. Ananena zoona. Ndinawayankha kuti kamodzi pa caka mkazi amene amatiphikira masiku onse ayenera kupumula, ndipo ngati ndalama iyenera kutuluka m'nyumba, ndi bwino ipite kwa mai amene amalemba nchito anansi ake ndi kugula nkhuku kwa alimi a m'midzi yomuzungulira. Amai anaganiza kwa kanthawi, kenaka anati, "Cabwino. Koma caka ca mawa ndalamayo mudzandipatse ine, ndidzakuphikirani zoposa pamenepa." Mkazi wanga anaomba m'manja, nati wabvomera ndi mtima wonse malinga ngati ana adzakhale nao kukhichini.

Abale ndi alongo, mabanja ambiri sangathe kukadya pa malo ngati amenewa, ndipo palibe cifukwa codandaulira. Zimene zimagulitsidwa kumeneko zili pafupi nafe kuposa m'mene timaganizira. Bonongwe ndi ciwawa zimamera ngakhale m'thumba lakale la ufa lodzaza dothi kuseri kwa nyumba ya lendi. Makoko a mbatata, masamba otsala ndi phulusa la pa mbaula, zimene timataya m'ngalande, ndiwo manyowa. Pa tsiku la cikondwerero, mbale ya ndiwo zotendera ikhale pambali pa mpunga ndi nkhuku popanda manyazi, kuti ana aone kuti nazonso ndi za ulemu. Tikamagula kwa mai wa kumudzi amene wayenda mtunda ndi dengu pamutu, tisamunenerere mpaka atsale wopanda phindu, pamene m'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Ndipo abale athu a kumudzi tiwakumbutse kuti ayambe adyetsa ana ao mazira ndi nshawa, zotsala ndizo apite nazo kumsika.

Koposa zonse, makolo akabwera kudzaceza nafe pa chuthi, tisawakhazike pa mpando wa pabalaza kuti azingoonera wailesi ya kanema. Tiwafunse mbeu zimene akusunga, maina ake, nthawi yobzala, kafutsidwe ka masamba ndi kachezedwe ka cidulo, ndipo ana akhale pomwepo akumva ndi kugwira ndi manja ao. Wodziwa kulemba alembe m'kabuku. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo n'zoona. Koma mbeu ikagonera zaka zambiri mumphika simera. Iyenera kubzalidwa mwini wake akali moyo, kuti atisonyeze pobzala pake.